Amalume Anasuta Mbiri Yathu

Anthu akandifunsa za buku langa loyamba, ndimayankha kuti linatha lonse m'sabata imodzi. Si bodza ayi. Kungoti silinathe mogulidwa.

Zinali zaka zija zipani zitangochuluka m'Zambia. Kwathu ku Msoro amene anatsala akudziwa mbiri ya mtundu wa amayi anali amalume okha, ndipo chifuwa chawo chinkalira ngati minibasi yokwera phiri. Ndinaona kuti akangopita, ife tidzatsala ngati anthu ogwa kumwamba. Ndiye ndinagula buku lolembamo ndi bolopeni, n'kudzitcha mlembi (panalibe wotsutsa, onse anali kotola thonje).

Vuto la amalume linali limodzi: popanda fodya pakamwa, mawu sankatuluka. Nkhani iliyonse inkatalika molingana ndi ndudu. Tsiku lachitatu, tili pakati pa nkhani ya mmene makolo anawolokera mtsinje wa Lupande, anangoti zii.

"Amalume, anawoloka?"

"Akali m'madzi. Nyuzipepala yokulungira yatha."

Sindikanasiya makolo anga m'madzi muli ng'ona. Ndinang'amba tsamba losalembapo kumapeto kwa buku. Anakulunga, anayatsa, anakoka utsi, n'kutsinzina.

"Iwe mwana wa mlongo wanga, pepala ili ndi la sukulu ndithu. Silikanda pakhosi."

Makolo anawoloka. Kuyambira pamenepo tsiku lililonse ine ndinkalemba kutsogolo, iwo akusuta kumbuyo, ndipo sindinadzifunse kuti tidzakumana pati.

Buku litatsala pang'ono kudzaza, ndinaitanidwa ku ukwati ku Jumbe. Ndinalisomeka kudenga la amalume poti mawu anali awo. Ndinakhalako sabata yathunthu (nyama inalipo, musandiweruze).

"Mwaswera bwanji, amalume? Buku lija?"

Analitulutsa litawonda ngati galu wa m'chilala. Munatsala masamba faifi.

"Amalume! Munali mawu anu umu!"

"Nanga m'nyuzipepala simukhala mawu? Unandiletsapo liti?"

Ndikulumbira, anasuta mwadongosolo, kuchokera kumapeto. Lolemba anasuta kubadwa kwanga. Lachitatu ukwati wa amayi. Pofika Loweruka anali atasuta njala, dzombe, ndi njovu imene inathamangitsa agogo aamuna m'munda wa mapira. Pa tsamba lotsiriza makolo anali ataimanso m'madzi.

Ndinakhala pansi n'kugwira mutu. Iwo anakhosomola kwa nthawi yaitali, kenako anati, "Ukulira maliro a pepala mwini wake ndili pano? Kagule lina. Koma fulumira."

Mawu otsirizawo sananene moseka.

Tinayambiranso, ine nditanyamula mtolo wa nyuzipepala zakale. Koma mbiri inabwera itanenepa. Njovu ija, imene inali imodzi, tsopano zinali zitatu.

"Poyamba paja munati imodzi."

"Uli ndi umboni?"

Umboni anali atausuta.

Amalume anatisiya mvula yotsatira isanathe. Tinali titafika pa ukwati wa amayi basi, moti m'buku lachiwiri ine sindinabadwe mpaka lero. Ana a alongo anga akandifunsa kuti njovu zinali zingati, ndimati zitatu, ndipo ndimalumbira. Koma masamba faifi aja ndimawasunga m'sutikesi yokhoma, ngakhale kuti m'banja mwathu mulibenso wosuta.