Denga Langa ndi Mvula ya Madera Ena

Lolemba

Chitungu chokhachokha. Malaya akumata pamsana ngakhale ndangokhala pansi pa mtengo wa mango.

Malata afika, ali pakhonde. Thukuta la zaka zonse zimene ndadula nzimbe ku Dwangwa ndi limeneli. Anthu a kuno ku Liwaladzi, kwawo kwa akazi anga, aone kuti mkamwini uyu sanabwere kudzangodya kondowole wa eni ake.

Wailesi m'mawa uno: "Sabata ino kukhala kotentha komanso kwa chinyezi. Mvula ya mabingu ndi ziphaliwali igwa m'madera ena a m'mphepete mwa nyanja." Madera ena. Ndiye kuti si kuno. Akanakhala kuti akunena kuno akanati madera ano.

Dongosolo:
mawa, kusasula udzu
Lachitatu, a Saidi akalipentala aone mapaso
Lachinayi, kukhoma malata

Amake Tadala, akazi angawo: "Bambo, dikirani mvula ithe. Nyumbayi ndi ya zidina zosawotcha." Ndawafotokozera bwinobwino za madera ena. Angondiyang'ana, apita kukavuula chinangwa.

Lachiwiri

Udzu wonse uli pansi. Mudengamo ndapezamo makoswe, chipeso, ndi mpeni umene tinakanganirana ndi aneba chaka chatha.

Alamu anga a Mailosi, achimwene awo a amake Tadala, aima pamsewu, manja kumbuyo. "Alamu, mwatsegulira angelo?" Iwo nyumba yawo imadontha kuyambira kale, koma pakamwa sipauma.

Masana chinthu chakuda bii chikudzuka panyanja. Ndikuthamanga ngati wamisala, kukokera matumba a mbewu ya mpunga pansi pa bedi, kuphimba ufa ndi mphasa. Chafika. Si mtambo, ndi nkhungu, tizilombo touluka tija. Azimayi akutikola ndi malichero, akundiseka.

Asekeretu. Mvula kulibe.

Lachitatu

A Saidi sanabwere. Ali kumaliro ku Kanyenda. Pafoni: "Mawa m'mawa, Insha Allah."

Mchere wanyowa wokha m'botolo. Machesi akukana kuyaka. Zovala zimene amake Tadala anachapa dzulo zikadali zozizira pachingwe, chonsecho dzuwa likuswa mtengo. Mpweya uli ngati wa m'thumba la usipa.

Wailesi ikubwereza mawu omwe aja. Kumapiri bingu likugunda chapansipansi. Amake Tadala akuyang'ana kumwamba, kenako kwa ine. Ndawauza kuti amenewo ndi a madera ena aja, akulandira zawo.

Lachinayi

A Saidi afika, akwera, agogoda phaso limodzi, fumbi lokhalokha. "Chiswe chinadya kale, bwana. Apa lata silingakhale. Komanso misomali mwagulayi ndi ya zitseko."

Ndapalasa njinga pamsewu wa M5 kukafuna matabwa ndi misomali. Pobwerera mphepo yangoti zii, ngakhale tsamba osagwedezeka. Nyanja yasowa, pali khoma lakuda. Ulendo uno si nkhungu.

Lero madera ena ndife.

Zanyowa:
matiresi
mabulangete
ufa wa kondowole, wasanduka phala m'thumba momwemo
mbewu ya mpunga, poti pansi pa bedi ndi pamene madzi akusonkhana
wailesi. Yafa osapepesa.

Ndikulowa m'nyumba, ndikupeza amake Tadala aima pakati pa chipinda, beseni kumutu, madzi m'miyendo. Chiphaliwali chikuwala m'nyumba monse. Sakundikalipira. Bola akanandikalipira.

Lachisanu

A Saidi ali kumzikiti. Dzuwa latuluka lolusa, nthaka ikufuka nthunzi. Katundu yense tayanika panja, mudzi wonse ukudziwa tsopano kuti matiresi athu ali ndi zigamba zingati.

Popeza wailesi kulibe, ndafunsa anthu. Wagolosale wayang'ana pafoni yake, akuti pali chithunzi cha dzuwa. Msodzi wina wanunkhiza mphepo, akuti mvula yatha mphamvu dzulo. A Mailosi akuti bondo lawo silikuwawa, ndiye lero kuuma. Kwa nthawi yoyamba onse agwirizana.

Ndagulabe pepala lakuda lofolera, ndalimanga ndi zingwe, ndatsindira ndi miyala.

Chakumadzulo mphepo yabwera, yalinyamula ngati nsanza. Lapachikika pamwamba pa mtengo wa mango wa a Mailosi, likukupiza kuti aliyense aone. Kenako mvula, yoposa ya dzulo!

Khoma la kuchipinda lachita mng'alu. Chala changa chikulowa chonse.

Loweruka

Khoma lagwa m'mawa uno. Osati ndi phokoso ayi. Langogwada pang'onopang'ono ngati ng'ombe yotopa, lakokanso linzake. Mwamwayi tonse tinali panja, poti tagona m'khitchini.

Amake Tadala atola chidina chimodzi, chaphwanyika m'manja mwawo. "Zidina izi ndinaumba ndili ndi pakati pa Tadala. Madzi ndinkatunga ndekha, inu muli kunzimbe." Anena motsitsa, apukuta manja pachitenje, apita kukatsuka mbale. Mawu onse amene ndinali nawo ndinamaliza Lolemba.

Ndamasula matumba a mpunga. Wamera. Timizu toyera mbee, tapiringizana ngati ndevu. Munda sunakonzeke, ndiye tifesa pati?

A Saidi ayenda kuzungulira bwinjalo, apukusa mutu. "Malata amafuna khoma, bwana."

Achibale a amake Tadala akhala pansi, akambirana za nyumba yanga ine nditaima pambali. Agamula kuti malatawo tifolere khitchini. A Mailosi abwera ndi hamala yawo, akwera, agwira ntchito mpaka kutha, osanena chipongwe ngakhale chimodzi. Zimenezi zandipweteka kuposa kuseka.

Lamlungu

Kutchalitchi sindinapite. Nsapato zachita nguwi, ndipo ndilibe mphamvu zomvera anthu akundipepesa uku akubisa mano.

Khitchini yafoleredwa. Malata otsala taunjika kuseri, tatsindira ndi mwala. Zidina zatsopano sizingaumbidwe mpaka mvula itatha, ndiye kwathu ndi muno: ine, amake Tadala, miphika, mafuwa, ndi nkhuku imene ikufungatira pakona, yomwe yakana kusamuka. Dzuwa likawala m'katimu muli ngati uvuni wowotchera njerwa. Utsi ulibe potulukira.

Masana mvula yayambanso. Pamalata ikumveka ngati anthu akukhuthula miyala. Ndakhala ndikukonza mawu opepesa kuyambira dzulo, ndipo ndawanena onse, mwaulemu, kuyambira poyamba. Amake Tadala akungoona milomo yanga ikugwedezeka, akupitiriza kusankha mpunga umene sunamere.

Itakata, ndawafunsa ngati amva.

"Sindinamve kalikonse," atero. "Malata anuwa ubwino wake ndi umenewo."