Bulangete loyera kwa a Nangozo

Anzanga, munthu ukakhala wekha nthawi yaitali umayamba kuchita zopusa uli ndi nkhope ya munthu wanzeru. Chimwalirireni mayi a kunyumba, ana onse ali ku Joni, ine ndimangokhala pakhonde kuno ku Tsangano kuwerenga mtanthauziramawu wachingerezi wong'ambika umene ndinkaphunzitsira ndisanapume pantchito. Nkhuku zanga zamva Chingerezi chambiri, zikanakhala anthu bwenzi zitakhoza mayeso. Ndimasungulumwa, sindibisa.

Tsiku lina ndinapezamo kuti mawu oti bulangete, Angerezi nawonso anachita kubwereka kwa Afalansa akale, ndipo ankatanthauza nsalu yoyera yaubweya. Yoyera! Ndiye kuti mabulangete amizeremizere aja abambo athu ankabwera nawo kuchokera kumigodi si enieni? Ndinakondwa kwabasi, koma ndiuze ndani?

Ndinaganiza za a Nangozo, mayi wamasiye amene amagulitsa kachewere pamsika. Mtima unali utawaloza kalekale, pakamwa pokha ndi pamene pankalemera. Ndinati ndiwagulire bulangete loyera mbee, ndikawapatse pamodzi ndi mbiri yake, aone kuti mkuluyu sukulu anapitako. Ndinalisaka m'kaunjika mpaka kulipeza, kulichapa, kulipinda bwinobwino, n'kulipanira kukhwapa.

Ndikufika kwawo masana ndinapeza anthu ali khuma pabwalo. Kodi ndinafunsa? Ayi! Kunali kuti bambo awo, a Ngozo, nkhalamba ya kumigodi, anali atagona sabata yathunthu ndi chifuwa mpaka abale kuitanidwa. Ine, "Zikomo, zikomo," n'kuyika nsalu yoyerayo pakhomo penipeni, ndi manja awiri, mwaulemu wonse.

Mayi wina amene ankangofika kumbuyo kwanga ataiona, anaponya katundu pansi n'kuyamba kukuwa, "Mayo ine, malume atisiya!" Anzake awiri n'kulandira.

Mchimwene wa a Nangozo anandikokera pambali. "Aphunzitsi, wakuuzani ndani kuti zachitika? Nsalu ya m'bokosi, munthu akupuma?"

Apa wanzeru akanapepesa n'kuthawa. Ine? "Ayi achimwene, mumvetse, poyamba penipeni, kwa Afalansa, chinthuchi chimayenera kukhala choyera..."

"Ndiye Afalansawo ndi amene akutumani?"

A Nangozo anatuluka, kundiyang'ana ine, kuyang'ana bulangete, n'kubwerera m'nyumba. Bola akanandilalatira. Kenako m'nyumba munamveka mawu a wodwalayo, akukhosomola: "Ndani akundifulumizayo? Muuzeni adikire kaye. Koma nsaluyo lowetsani, kukuzizira muno."

Ndinabwerera chimanjamanja, mawu onse okoma amene ndinakonzekera ali m'mimba. Tsopano a Nangozo akandiona ndikubwera pamsika amawerama n'kuyamba kusanja kachewere wosanjidwa kale, mnzawo ndi amene amandigulitsa. Nkhalamba ija inachira, ikufunda bulangete langa, ndipo Lamlungu lililonse tikamatuluka m'tchalitchi imandikodola ndi ndodo pamaso pa anthu: "Aphunzitsi, ndikadalipo. Pepani kwambiri."

Ndimaseka nawo, nanga nditani? M'banja lonse lija ndi okhawo amene amandiyankhula, moti sabata imene sanabwere kutchalitchi ndinawasowa. Koma ndalumbira: ndikadzalimbanso mtima wofunsira, ndidzanyamula shuga ngati anthu ena onse, ndipo ndisanatule chilichonse ndidzayamba ndafunsa ngati pakhomopo onse adzuka.