Andiika Kutsutsana ndi Akamwini pa za Injini

Lolemba

Mwera wakula. Mafunde akufika pa mwala wachitatu. Nkhuku 9, mazira 4.

Ku kisomo, sukulu yathu ya akuluakulu, aphunzitsi Ndugu Masawe alengeza kuti Loweruka kuli mdahalo. Kwathu timati mtsutso. Kudzabwera bwana wa chitukuko wa ku Mbinga kudzamvera. Mutu uli pa bolodi: "Tsogolo la kijiji chathu cha ujamaa lili mu injini ya dizilo." Kijiji ndi mudzi, ujamaa ndi lamulo la boma loti tizikhala ndi kugwira ntchito pamodzi. Injini imodzi, masana izigaya ufa, madzulo iziyatsa magetsi ku dispensale.

Wotsutsa injini: ine. Akuti poti ndinapita patali ndi sukulu, komanso okalamba amakonda zakale. Zaka 22 ndikuphunzitsa atsikana masamu ku mishoni, lero ndasanduka wokonda zakale!

Woikira kumbuyo injini: fundi wokonza nyali za asodzi kudoko. Fundiyo ndi mwamuna wa mwana wanga Anyesi. Akamwini anga.

M'kalasi tilimo 31. Oweramitsa mutu 30. Womwetulira 1, Masawe mwiniwake.

Ndi wa kumapiri a kumpoto, kuno wangotha miyezi 5. Sadziwa kuti kwathu mpongozi ndi mkamwini sayang'anana. Zaka 14 chikwatiwire Anyesi, nkhope ya akamwini sindinaione pafupi. Sitinadyepo pamodzi. Tikakumana m'njira iwo amapatukira kumanja, ine kumanzere. Denga langa amafolera ine ndili kumunda, ndikabwera ndimangopeza udzu watsopano. Mikangano pa zaka zonsezi: 0. Anzanga amene amacheza ndi akamwini awo ngati a msinkhu umodzi ndawawerenga, ndi 4, ndipo atatu anafika kale kwa ankhoswe. Ulemu umenewu sindikufuna kuutaya chifukwa cha chitsulo.

Kukana sindingathe. Wobadwira ku Likoma ngati ine, mlendo m'dziko lino, akakana nkhani ya chitukuko pamaso pa bwana, mawa lake amva kuti ndi mdani wa ujamaa.

Dongosolo langa:
1. Kupambana ndi manambala okha. Nambala situkwana munthu.
2. Osatchula akamwini.
3. Osawayang'ana.

Lachiwiri

Tsiku losonkhanitsa umboni. Ndikufuna kuonetsa kuti manja athu ndi okwanira.

Ndakhala pa mtondo wa mai Fulora, anansi anga, ndi pensulo. Lichero limodzi la makaka: munsi ukugwa ka 640. Chimanga cha muyeso womwewo, kukonola ndi kutibula: ka 1,900. Ndabwereza kuwerenga kwa mai ena awiri, kusiyana kwake nkochepa. Ndachulukitsa ndi nyumba khumi zimene amayang'anira balozi wathu, kenako ndi masiku a chaka. Yankho lake ndalifufuta, ndawerengeranso, latuluka lomwelo. Silikukwana mzere umodzi wa kope.

Amayi odandaula msana: 7 mwa 10. Obwera ku kisomo mochedwa chifukwa cha kusinja: onse.

Umboni wanga wonse uli kumbali ya akamwini.

Mai Fulora akupukuta thukuta: "Mukatsutse bwino, amayi. Koma mukapambana, munsiwu ndidzakutulirani pakhomo."

Ndatuma balozi kuti akamufotokozere Masawe za mwambo wathu. Abwerako akukanda m'mutu. Masawe wakondwa kwambiri. Akuti ndiye bwino, bwana akaone kuti mu ujamaa aliyense ndi ndugu, m'bale wa mnzake, mpongozi ndi mkamwini omwe. Akuti aika mipando kutsogolo kuti anthu aone bwino.

Lachitatu

Anyesi wafika mmawa, nkhope yosagona. Akuti bambo a kunyumba sakudya. Angokhala pakati pa nyali zawo ndi kapepala, akulemba mawu amodzi nkufufuta.

Wabwera ndi uthenga. Akamwini akuti amayi adziwe izi: dizilo amabwera ndi sitima, ndipo sitima mwezi uno yachedwa masiku 11. Nthawi ya mvula msewu wa ku Mbinga umatsekeka. Mafuta a nyali ali kale osowa, asodzi ena abwerera ku miuni ya bango monga kale. Kachitsulo kamodzi kakathyoka mu injini, kokagula ndi ku Songea, mwina kupitirira.

Mfundo 4, zonse zabwino, zonse zotsutsa injini. Akundipatsa mkondo woti ndiwabaye nawo!

Sindingalandire ulemu wotere osabweza. Ndamupatsa Anyesi manambala a mtondo. Ndawonjeza za nkhuni: pamene ndinkafika kuno nkhuni tinkatola pa mapazi 400 kuchoka pakhomo, lero ndi 3,100, ndipo phiri la kuseri kwa tchalitchi layera ngati mutu wa wodwala chipere. Awauze kuti anene zimenezo.

Anyesi wabweranso. Akamwini akuti zikomo, koma injini siiphika ndipo siiwamba nsomba, nkhuni zidzathabe. Nzoona. Ndayankha kuti nyali ya ku dispensale siyaka ndi nkhuni. Abweza kuti siyakanso ndi dizilo amene ali pa sitima. Ndabweza kuti mayi wobereka sadikira sitima. Abweza kuti nzimenenso akunena.

Maulendo a Anyesi lero: 6. Mapazi 212 kupita, 212 kubwera. Ulendo womaliza wandiuza ataima kunja kwa mpanda kuti mwana ali ndi chifuwa, nyemba zapserera, ndipo iye si waya wa ku positi. Mawa sabwera.

Masamba olembedwa mpaka pano: 9. Ondithandiza ine 4, onse ochokera kwa akamwini. Owathandiza iwo 5, onse ochokera kwa ine.

Lachinayi

Ndapita ndekha kwa Masawe ndi njira zitatu.

Yoyamba, timange chitenje pakati pathu. Wakana. Akuti bwana angaganize kuti tikubisa munthu.

Yachiwiri, tifulatirane. Wayesa ndi mipando iwiri, tapeza kuti mmodzi azilankhula ndi khoma.

Yachitatu, aliyense alembe, wina awerenge. Akuti imeneyo ndi kalata, si mdahalo.

Kenako wandiwerengera malamulo, mosangalala, ngati akundipatsa mphatso. Wolankhula ayenera kuloza mpinzani, wotsutsana naye, ndi kunena kuti "ndugu mpinzani wanga walakwa." Katatu kapena kuposa, kuti anthu asagone. Pomaliza otsutsanawo agwirane chanza pamaso pa onse.

Chanza!

Ndayesera pa mtengo wa papaya kuseri kwa nyumba. Ndauloza, ndati walakwa. Mawu atuluka bwino. Ndaganiza kuti papayayo wavala malaya a khaki onunkha palafini, mawu akana. Ndayesa ka 5. Mbuzi ya mai Fulora yaonerera zonse.

Dongosolo la Lolemba lija: mfundo yoyamba yagwa, yachiwiri yaletsedwa, yachitatu yaletsedwa.

Lachisanu

Ndadzuka ndikuyembekeza kuti ndadwala. Ndadzifufuza mwadongosolo. Mutu bwino. Mmero bwino. Bondo lamanzere likuwawa monga mwa zaka 8 zapitazi, palibe chatsopano.

Ndapitabe ku dispensale. Pofika ndaona msana wa malaya a khaki ukukhota kuseri kwa thanki ya madzi. Ndaima kuyang'ana mtengo wa mango mpaka mapazi atasiya kumveka.

Anamwino andipima mwachangu. "Ndinu wachiwiri lero, amayi. Mankhwala a matenda a mdahalo atithera." Akuti mtima wanga ukugunda ngati wa mtsikana. Sindinawapemphe kuti anditamande.

Pondiperekeza andionetsa nyali yawo imodzi ya galasi losweka, yomata ndi pepala. Ndiyo imene amabadwitsira ana. Akuti ndikalankhula mawa ndiikumbukire. Tsamba la 10, nalonso la akamwini.

Ndasita chilundu cha buluu. Ndanola mapensulo awiri. Mazira 2 okha, nazonso nkhuku zamva.

Loweruka

Ndanyamuka 8 koloko, mapepala m'dengu. Kuchoka pakhomo kufika kusukulu ndi mapazi 870. Pa 500 pali mphambano. Miyendo yakhotera kumtunda, njira ya kumunda wa chinangwa wa m'mbali mwa kamtsinje. Sindinaiuze. Sindinailetsenso.

Kanjira kake nkopapatiza. Pokhota pa mwala waukulu, mapazi akubwera kuchokera kutsogolo. Fungo la palafini.

Akamwini, nawonso othawa mdahalo, alumphira kumanja. Ine kumanzere. Tonse m'chinangwa, tafulatirana, kanjira pakati. Aliyense akudikira kuti mnzake adutse. Wodutsa ayenera kulowera kusukulu kapena kuonetsa poyera kuti akuthawa. Palibe wasuntha.

Chitsulo cha kusukulu chalira koyamba. Kachiwiri. Udzudzu wa kumtsinje wandipeza akakolo.

Akamwini atsokomola. Alankhula ndi chinangwa, mwaulemu, kuti chakula bwino chaka chino. Ine ndauza dengu langa kuti nchifukwa mvula inagwa bwino. Chitsulo kachitatu.

Kenako alankhula ndi kamtsinje: "Pakanakhala munthu womva pano, ndikanati madzi awa sadikira sitima. Ndinaona kumapiri gudumu lamatabwa likuzungulira ndi madzi, likugaya chimanga usana wonse."

Ndauza dengu kuti pakanakhala munthu womva, ndikanati madziwa amanama. Mwezi uno ndowa imadzaza ndisanafike pa 7 powerenga. Mu Okutobala ndimafika pa 40.

Auza kamtsinje kuti pamwamba pa mathithi pali khwawa lopapatiza, amuna makumi awiri atha kutseka ndi miyala, madzi nkusungika. Ndauza dengu kuti amuna makumi awiri a kijiji chino sanamalize khola la nkhumba la ujamaa chiyambire chaka chatha. Aseka, kenako apepesa kwa chinangwa. Akuti ndiye amange amayi, poti ndiwo otopa ndi munsi. Ndafunsa dengu ngati amayi akamanga, amuna sadzalanda chigayocho ndi kuika mmodzi wa iwo pa mpando ndi kiyi m'thumba. Kamtsinje kauzidwa kuti zimenezo zidzachitikadi, pokhapokha wosunga kiyi akhale munthu wowerenga chilichonse, woti sangamubere ngakhale chikho cha ufa. Ndadziwa amene akumunena, ndayamba kusanja mapensulo m'dengu.

Tafika pa magetsi. Akuti gudumu lomwelo lingazungulitse kadayinamo ngati ka njinga, koma kakakulu. Mababu atatu, mwina anayi. Ndati atatuwo apite ku dispensale, lachinayi ku kisomo. Akuti asodzi adzalira. Ndati asodzi analira kale pamene nyali zinabwera, ankati usipa udzatha, lero akulira kuti nyali zazima. Avomera. Afunsa kamtsinje ngati ana a Anyesi adzakhale pano kukonza gudumu kapena adzathawire ku Dar es Salaam kumene magetsi ali kale.

Mphindi 50. Mfundo zawo 6, zanga 5, koma imodzi anainena kawiri. Woloza mnzake palibe. Mawu oti walakwa sanamveke, ngakhale tinatsutsana bwino lomwe.

Kusukulu kwamveka m'manja. Akamwini auza chinangwa kuti ali ndi nyali yoti akaipereke ku Ndumbi, ndipo njira yachidule ndi ya kumtunda. Si yachidule, ndi yotalika kawiri. Ndadikira mpaka mapazi atazilala.

Zotupa za udzudzu: 23. Mtima wapepuka ngati ndatula mtolo wa nkhuni.

Lamulungu

Bata panyanja. Mazira 5.

Mai Fulora andifotokozera zonse pa njira ya kutchalitchi. Anthu anasonkhana 58. Ataona kuti olankhula kulibe, Masawe analankhula yekha mbali zonse ziwiri, akuthamanga kuchoka pa tebulo ili kupita pa linalo, akuloza mpando wopanda munthu kuti walakwa. Pomaliza anadzigwira chanza. Anthu akuti sanasekepo chotero chichokere azungu. Mbali ya injini inapambana.

Kenako bwana anaimirira nkuthokoza. Akuti injiniyo pakadali pano kulibe. Anangobwera kudzamva maganizo a wananchi, ife anthu wamba, ndipo awapereka kwa akuluakulu a boma.

Choncho mawa munsi ugwa ka 640 monga mwa masiku onse. Masamba anga 10 palibe amene wawamva. Za gudumu la madzi akudziwa ndi dengu, chinangwa ndi kamtsinje. Ndazilemba pa tsamba limodzi, ndi chithunzi, kuti balozi akapereke ku komiti. Komiti imakumana ikafuna. Ndaika dzina la akamwini pamwamba, ndatuma Anyesi akawaonetse. Anyesi wabweza pepalalo: akuti iwo akana, pamwamba pakhale dzina la amayi. Ndalemba "anthu awiri a kijiji chino." Anyesi akuti ulendo umenewu ndi womaliza, ndipo wandisiyira chambo chachikulu chimene sanandiuze kuti chachokera kwa yani.

Za kujomba kwathu balozi auza bwana kuti tinadwala tonse awiri. Anamwino avomereza kuti anationa Lachisanu. Sananame.

Masawe wandipeza pakhomo la tchalitchi, wokhumudwa. Akuti sakumvetsa kuti munthu wophunzira ngati ine angaope kuyang'ana munthu mnzake. Ndamuuza kuti analankhula bwino dzulo, ndamva.

M'tchalitchi abambo ansembe alengeza maukwati atatu. Wachitatu ndi wa Masawe. Akukwatira Rozina, mwana wa mai Fulora. Nyumba ya mai Fulora, apongozi ake a mawa, ili pa njira yokhayo yopita kusukulu, ndipo mbali zonse ziwiri za njirayo ndi minga.

Sindinena kanthu. Aphunzira yekha.