Makromozomu a ku Luwawa

Lolemba

Ndachipeza! Chili m'ndowa kuseri kwa nyumba. Ndinachizula dzulo m'mphepete mwa damu ku Luwawa, matope mpaka m'mawondo. Masamba ataliatali, tsinde lofiirira. Chimodzimodzi ndi cha pa chithunzi cha Tiwonge.

Mwana wanga Tiwonge ali ku sukulu kunja, akufufuza chomera cha kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, komwe nthaka imauma gwa ndi chisanu. Dzina lake Rumex arcticus. Akuti n'chovuta: makromozomu ake kwina 40, kwina 80, kwina 120. Ndiye ine, mphunzitsi wa bayoloje wa pa Mzimba pano, wopuma ntchito mwezi wa mawa, ndachipeza kwathu konkuno! Ku Luwawa kumazizira, atsutse ndani?

Zochita:
1. kuwerenga makromozomu
2. kuonetsa pa mapu komwe chimamera
3. kulengeza pa asembule Lachisanu (a hedi avomera)
4. Tiwonge osamuuza kaye

Lachiwiri

Mu labu. Maikulosikopu alipo atatu: wina alibe galasi, wina muli chisa cha mavu, wachitatu akuona. Utoto wopaka mizu udauma m'botolo, ndagwiritsa ntchito jivii wa pabala. Kudula nsonga ya muzu, kupsinja ndi chala. Kagalasi koyamba phwa! Kachiwiri phwa! Kachitatu: timadontho! Ndawerenga 40 ndendende.

Ndikuyenda pakhonde la sukulu manja kumbuyo. Zala zonse zathimbirira ndi jivii, sindikusamba.

Lachitatu

Kuwerenganso kagalasi komweko: 63. Kenako 17. Palibe vuto, nambala za chomerachi zimasinthasintha.

A Chirwa a jogalafe asuzumira mu maikulosikopu. "Asibweni, kromozomu yanu imodzi ikuyenda."

Nsanje basi. (Ikuyendadi.)

Andibwereka mapu a dziko lonse. Ndabaya mapini: Alaska, Canada, Siberia, Luwawa. Ulusi wolumikiza mapiniwo, wochokera ku Siberia, wathera pa Sudan, ndalumikiza ndi wa thumba la feteleza.

Chinafika bwanji kuno? Mwina mbalame. Mwina nsapato za amishoni. Mbalame zikumveka bwino.

Lachinayi

Akazi anga, a NyaMoyo, akufuna ndowa yawo. Ayang'anamo. "Ichi? Chadzaza m'dimba mwa amama ku Embangweni. Tili ana tinkatafuna masamba ake, ngowawasa."

Ndabaya pini pa Embangweni. Sayansi ikukula!

A mlonda a pasukulu akuti ku Edingeni chili m'ngalande iliyonse. Pini ina. Mayi wophikira ana akuti chili kuseri kwa chimbudzi cha atsikana. Ndapita kukaona. Chilipo, chonenepa kuposa changa.

Mapini atha. Ndamutumizira Tiwonge zithunzi, kungomuonetsa chabe.

Lachisanu

Suti, tayi, mapu m'khwapa, ndowa m'manja. Ana ali pamzere. Foni yanjenjemera m'thumba a hedi akutchula dzina langa.

Tiwonge: "Adada, n'zapachibale, koma si chimenecho. Onani njere. Za kuno n'zosalala, zanuzo zili ndi tingowe. Chanucho chili mbwee m'mapiri a mu Africa, adachilemba kalekale. Pepani chomene."

Ndayang'ana pa sokosi. Njere zakakamira, tingowe tili ng'aa.

Ndikanatha kubisa foni. Ndani akanadziwa? Koma ana onsewa ndimawalemba mzere wofiira akanama pa lipoti. Ndakwera pa nsanja, ndakweza ndowa. Ndawauza zonse: cha ku chisanu chili uko, chathu ndi ichi, banja limodzi mitundu iwiri, kusiyana kwake tingowe. Ndinalakwitsa, wandikonza ndi mwana amene anakhala pa benchi lomwelo la kumbuyo.

Aomba m'manja kwambiri. A Chirwa akuti n'chifukwa choti ndafupikitsa.

Loweruka

Kuzula mapini. Mapu a a Chirwa abooka kuchigawo chonse cha Mzimba, Edingeni kulibenso. Ndamata pepala kumbuyo n'kulembapo ndi bolopeni.

Chomera ndaponyera mbuzi ya aneba. Yanunkhiza, yandiyang'ana, yachoka.

A NyaMoyo atsuka ndowa kawiri.

Lamulungu

Mbwenu, zatha. Palibe chomera chidzatchedwe dzina langa. Ndipuma ntchito monga ndinayambira, ndi choko m'thumba.

Koma nkhani yafika ku tchalitchi mokhota. A mkulu wa mpingo, polengeza za mlungu uno, anditcha "a Pulofesa athu". Sindinadzuke kukana, mwendo unachita dzanzi.

Potuluka, anthu anayi akundidikira pansi pa mtengo ndi majumbo. Wina udzu wa m'munda wa fodya, wina muzu woti mbuzi zake zikadya zikutupa, gogo wina tsamba limodzi lokha, louma. "Mutiuze maina ake a Chizungu, adada."

Ndavala magalasi. Ndatembenuza chilichonse, ndanunkhiza, ndagwedeza mutu pang'onopang'ono.

Sindikudziwa n'chimodzi chomwe.

Ndawauza kuti zinthu zotere sitithamangira, abwere Lachitatu.