Abilimankhwe a ku Chia ndi Fodya wa Azakhali

Lolemba

Ndili ku Chia, kwa azakhali. Ntchito ya sabata ino ndi yosavuta poinena: kugwira abilimankhwe amoyo, kutenga timagazi pang'ono kumchira, kusunga pozizira, Loweruka kukwera basi ya ku Salima, kenako ku Zomba. Kumeneko a Dokotala, aphunzitsi anga, akayerekeza mapuloteni a m'magaziwo ndi a abilimankhwe a kumapiri. Puloteni ili ngati mikanda pa ulusi. Achibale amatunga mikanda yawo mofanana, chibale chikatalikira katungidwenso kamasiyana.

Ndikabwerera chimanjamanja, malo anga pa kafukufuku apatsa wina. A Dokotala ananena mofatsa, koma ananena.

Katundu: timabotolo, majekeseni, fulasiki, dengu la chivundikiro, ndi buku lolembedwa ndi munthu amene sanafikepo ku Chia.

Azakhali: "Zaka zonse zija kusukulu unkaphunzira kutola abilimankhwe? M'nyumba mwanga asalowemo."

Lachiwiri

Buku likuti afunidwe usiku ndi tochi. Munthu woyenda m'minda ya eni usiku, dengu lili kumanja, kuno ali ndi dzina lake. Ndikuwafunafuna masana.

Dzuwa lili paliwombo ndikupeza mmodzi m'chinangwa. Mmodzi! Diso lina likundiyang'ana, lina likuyang'ana kwina, monga amachitira a Dokotala ndikamafotokoza. Ndabaya, magazi atuluka. Iye m'dengu, pansi pa mtengo wa mango. Kabotolo m'filiji ya palafini ya a Sefu, eni golosale, pakati pa zakumwa. Afunsa kuti n'chiyani. Ndati ndi zakusukulu. Si bodza. Koma sindikumva bwino.

Ndapempha azakhali auze anthu kuti woona bilimankhwe andidziwitse.

Lachitatu

Uthenga wayenda! Amayi ochokera kudimba la mpunga abwera nawo angapo, aliyense pansonga ya bango lalitali. Mtima wanga m'mwamba. Ndikuyandikira: onse akufa, akuda bii, kukamwa yasa, m'kamwamo fodya wopera.

Fodyayo ndi wa azakhali. Agawa okha khomo ndi khomo. "Kuti asakulume. Ukatenga khate ndikawauza chiyani achimwene?" Mayi wina akuwonjezera kuti ndi mmene amachitira kuyambira kale, chifukwa bilimankhweyu anazengereza ndi uthenga wa moyo mpaka imfa inatipeza.

Ndikufotokoza kuti wakufa, wogona padzuwa, mapuloteni ake amawonongeka. Akumvetsera mwaulemu kwambiri. Ndawathokoza. Ndinene chiyani? Ayenda mtunda chifukwa cha ine.

Lachinayi

Ndanena momveka: amoyo okha. Lero sikunabwere munthu.

Masana a Sefu andiitana. Nkhani ya dzulo yawapeza, ndipo akufunsanso za kabotolo kaja. Ndanena zoona. Sakukalipa, bola akadakalipa. Atulutsa kabotolo atakagwira ndi kansalu, atulutsa zakumwa zonse, akutsuka filiji ndi sopo. "Mwana wanga, magazi ndi najisi, ndi odetsedwa, saikidwa pamodzi ndi zodya. Ndipo mawa ndi Ijumaa, tsiku lathu lopemphera. Bwanji sunanene?" Andipatsa ayisi yense amene anali nayo, ndiponso akufunsa ngati bambo akupeza bwino.

Ayisi ali m'fulasiki. Ndikulitsegula pafupipafupi kuona ngati akusungunuka. Mwina n'chifukwa chake akusungunuka.

Lachisanu

M'fulasiki muli madzi ofunda ndi kabotolo koyandama. Basi.

Zotsala: bilimankhwe mmodzi wamoyo, majekeseni, buku. Maganizo atsopano: ndipite naye yemweyo ku Zomba, a Dokotala akatenge okha magazi. Mmodzi sangayankhe za mtundu wonse, koma a Dokotala akaone kuti ndinafika.

Tsiku lonse ndikugwira ziwala. Munthu wa digiri, kukwawa kuseri kwa khola la mbuzi. Iye akudya mosafulumira. Wasanduka wobiriwira bwino, ndipo ndikuona kuti wandizolowera, kapena wangotopa nane.

Azakhali akudutsa patali ndi kachitini ka fodya. Dengu ndalimanga ndi luzi.

Loweruka

Pa siteji pali anyamata oona makhadi a chipani. Mmodzi akufuna kuona zam'dengu. Wasuzumira, wadumpha chambuyo, khadi sanafunsenso. Ndikuyamba kuganiza kuti tsikuli ndi langa.

M'basi mwadzaza: madengu a usipa, matumba a mpunga, nkhuku. Dengu lili pamiyendo panga. Basi isananyamuke, kadzanja kobiriwira katulukira pampata wa chivundikiro, n'kugwira chitenje cha mayi wa pambali panga. Mfuu! Mayiyo ndi woyembekezera. Anthu akutsikira pakhomo, wina pawindo. Kondakitala ali panja, akulankhula chapatali: "Achimwene, musankhe. Mupite inu kapena chinthu chanucho, koma osati nonse."

Agogo ena, mwachifundo, akutsegula kale kachitini kawo. "Bweretsa kuno mwanawe, tikuthandize, ukwere bwino."

Wakufa akafika ku Zomba atawola. Ndikamusiya pamsewu, amupha, kachitini n'kotsegula kale. Ndaima pakhomo la basi, phazi lina m'kati lina panja, nthawi yaitali ndithu. Ndatsika naye. Basi yapita.

Lamulungu

Ndamubwezera m'chinangwa mwake. Ndimayembekeza kuti athawa. Waponya phazi kutsogolo, walibweza, waganiza, waliponyanso. Tayang'anizana mpaka mthunzi wasuntha.

Kalata ya kwa a Dokotala ndiyamba mawa. Ikafika, malo aja adzakhala ali ndi mwini. Uthenga wochedwa suyamba ndi ine.

Azakhali aima kumalire a munda, osayandikira, manja kumbuyo. Amuonerera akukwera nthambi, kenako ayang'ana ine.

"Umati ukufuna abale ake? Kayendedweko ndi kako komwe. Bwera udzadye."

Fodya wawatsalira wambiri, akuti akwanira mpaka dzinja.