Ba Kasoma, dalaivala wosankha mabwana

Ku Matero kuno, mu Lusaka, aliyense ankadziwa kuti Ba Kasoma akapita kukafunsira ntchito, wotuluka thukuta ankakhala bwana. Madalaivala ena a mathiraki amafunsa za malipiro, basi. Iwo ankafika pageti atatchena jekete, kupereka moni, kenako n'kugona chagada pansi pa thiraki ya eniake. Bwana akamabwera ndi mafomu ankangopeza nsapato ziwiri zitatulukira kunja.

Akazi awo, Ba Marjory, sankaseka nawo. Zaka makumi awiri ndi ziwiri amuna awo ankayenda maulendo a ku Beira, ku Dar es Salaam ndi ku Congo, ndipo kunyumba ankangobwera kudzasintha malaya. Mayiwo ankapempha chinthu chimodzi chokha, ntchito ya mu Lusaka momwemo, yoti madzulo munthu azibwera kwawo. Ntchito zotero zinkapezeka ndithu. Vuto linali Ba Kasoma.

Kampani ina yonyamula simenti inawaitana. Ba Marjory anasita jekete, n'kuipempherera. Masana bambo aja anatulukira, msana wonse uli oilo yekhayekha.

"Bakulembani?" anafunsa mayiwo.

"Nakana."

"Mwakana chani? Si ndimwe mwenze kufuna nchito?"

"Matayala ya kumbuyo yanasila monga mutu wanga wa dazi uyu. Munthu wosamvela chifundo tayala, angamvele chifundo dalaivala?"

Kwina kunali kophika buledi. Matayala anali atsopano, moti Ba Marjory anayamba kuuza anzawo a kutchalitchi kuti zatheka. Koma Ba Kasoma atatuluka pansi pa galimoto analoza dalaivala wina amene ankadutsa.

"Bwana, uja zina yake ni ndani?"

Bwana anakanda m'mutu. "Uja? Ni wa nambala seveni."

"Anabatizika na nambala seveni? Manje nionetseni dalaivala wanu wa imvi."

Panalibe ngakhale mmodzi. Ba Kasoma anafunsa ngati okalamba amawadya kapena amathawa okha, n'kutsanzika mwaulemu wonse.

Mbiri inawanda. Anzawo ofuna kusintha ntchito anayamba kuwatenga kuti akawaonere, ngati mmene munthu amatengera malume ake kokafunsira mkazi. Akuti mabwana ena akangomva kuti akubwera ankabisa mathiraki ophwasuka kuseri kwa mpanda. Wina anafika popaka matayala polishi ya nsapato. Ba Kasoma anangonunkhiza tayala limodzi n'kufunsa ngati galimotoyo ikupita ku ukwati.

Ba Marjory anatopa ndi kukalipa. Anasiya kufunsa, jekete ankangoisita n'kuipachika.

Ndiye chaka chatha anamva za Ba Chisala, mayi wa mathiraki atatu onyamula miyala ndi mchenga mu Lusaka momwemo. Ba Kasoma analowa pansi pa onse atatu, osapeza chonena. Madalaivala anali onenepa, awiri a imvi, ndipo mayiyo ankadziwa ngakhale mayina a ana awo. Ba Kasoma atafunsa kuti galimoto ikafa panjira foni amayankha ndani, Ba Chisala anati, "Ni ine. Manje imwe mwasiliza? Nili na nchito."

"Napeza bwana!" anakuwa Ba Kasoma akulowa m'nyumba. "Faifi koloko nizakhala niliko pano, Marjory, mpaka uzanitopa."

"Muyamba mailo?"

"Pa Mande ya sabata ya mawa. Kuli katundu wa ku Congo nili nakweza kale."

"Basiyileni benangu! Kulibe madalaivala?"

Apa ndiye panali pouma. Ba Kasoma anali ndi lamulo lawo pochoka pantchito: katundu amene wakweza umakamutsitsa wekha, thiraki umaibweza yotsukidwa, makiyi umapereka m'manja mwa mwiniwake. Anasinthapo ntchito kasanu ndi kawiri osaphwanya lamulo limeneli, ndipo sakanayambira pa ulendo womaliza. Ba Marjory anawalongedzera chikwama.

Pa malire a Kasumbalesa mzere wa mathiraki unali wautali, masiku asanu osasuntha. Malungo anawagwira Ba Kasoma. Anzawo anawauza kuti apite kuchipatala, iwo n'kumati katundu wa eniake sasiyidwa yekha. Pofika tsiku loti avomere kunyamulidwa, zinali zitachedwa.

Lolemba lija m'mawa foni ya Ba Marjory inalira. Anali Ba Chisala, kufunsa kuti dalaivala wawo watsopano ali kuti. Ba Marjory anawauza za imfayo bwinobwino, ngati akunena za munthu wa ku Lilanda amene sakumudziwa. Ba Chisala ndi amene analira pafonipo.

Masiku ano Matero yangoti zii. Madalaivala amapita okha kukafunsira ntchito, amasaina pomwe alozeredwa, ndipo palibe amene amabwerako ndi nkhani yoseketsa. Zimandiwawa ndikadutsa pasitolo pomwe Ba Kasoma ankakhala akabwera, n'kupeza anthu akungoyang'ana m'mafoni.

Ba Marjory sanalirebe mpaka lero. Amadzuka, kusesa, kupita kumsika, kubwerako. Mng'ono wawo Mwansa anada nkhawa, n'kubwera kudzakhala nawo sabata imodzi. Tsiku lina akuchapa anawafunsa ngati nyumba sikuwaopsa tsopano.

Ba Marjory anafinya nsalu, n'kuyang'ana chitseko.

"Ndiye vamene vinivuta, Mwansa. Palibe chasintha. Mbale ni imozi monga kale, pa bedi nili neka monga kale. Sembe anankalako chabe mwezi umozi pano, sembe naziba chamene nataya."