Sabata Lomwe Ndinafuna Kuthetsa Mavoti pa Komboni

Lolemba

Mu shedi mukuzizira, fodya akuthetheka m'manja. Kalaliki watsegula wailesi pa foni yake. Munthu wina wophunzira akuti kunja uko kuli anthu amene akufuna kuti aphungu a Nyumba ya Malamulo asamasankhidwe ndi mavoti koma ndi maere. Mayina a anthu onse a m'dziko alowe m'chinthu chimodzi, wina apisemo dzanja, amene watuluka ndiye phungu. Popanda misonkhano, popanda masikipa a chipani, popanda kutukwanizana.

Tsamba landigwa m'manja!

Ndikukumbuka bambo anga. Anachoka ku Dedza, ku Malawi, wapansi ali mnyamata kubwera dziko lino, nafera pa famu ino ya ku Raffingora osaponyapo voti, chifukwa chitupa chawo chinkati ndi mlendo. Chidebe cha maere sichikanawafunsa kwawo.

Koma kunena zoona, amene ndikuwaganizira kwambiri ali pompano, tsidya lina la tebulo langa. Mai a Zuze. Makolo awo anachokera ku Tete. Tagireda fodya limodzi, kusankhula masamba malinga ndi mtundu wake, kuyambira tili atsikana, ndipo ndi iwo anandigwira dzanja tsiku lomwe Rudo wanga anabadwa. Zaka ziwiri zapitazo komboni inasankha wapampando wa komiti. Amuna anga anaima, amuna awonso anaima. Voti yake inali yofola kumbuyo kwa munthu amene ukumufuna. Ine ndinafola kwa anga, iwo kwa awo. Awo anapambana. Mawu anatuluka tsiku limenelo, ena mwa iwo pakamwa panga. Kuchokera pamenepo ngakhale moni palibe. Amandipatsira fodya maso ali kudenga.

Loweruka likubwerali kuli chisankho china. Oima ndi amuna athu omwewo.

Ayi. Chaka chino tichite maere. Pasakhale wofola kumbuyo kwa wina, pasakhale wogwa, ine ndi mai a Zuze tiyambenso kukachapira limodzi ku damu.

Zofunika:
kope lakale la Rudo
sizasi
chidebe chokhala ndi chivundikiro
mtima wa bambo a Rudo (apa ndiye pali ntchito)

Lachiwiri

Bambo a Rudo akuti ndapenga. Akuti, “Ine ndagula kale jekete.” N'zoona. Ya kaunjika, ya ku Chinhoyi, ili pa msomali kuyambira Pasaka kudikira Loweruka.

Koma a Mbewe, folomani wathu, avomera msanga mpaka ndachita mantha. Akuti chisankho chapita chija chinadya masiku awiri a ntchito, anthu akuthowana mabala. Alengeza okha pa nthawi ya tiyi.

Titaweruka ndikuyenda khomo ndi khomo kulemba mayina. Zimene ndapeza:
a Banda alipo asanu ndi anayi, atatu mwa iwo ndi a John
ena akukana, akuti dzina likalowa m'kope limakathera ku ofesi ya boma
ena akuganiza kuti ndi za feteleza, akunditchulira ndi achibale amene sindinawaonepo
Sekuru Tomasi, nkhalamba yathu yosamva bwino ija, akuganiza kuti ndikulemba anthu a basi yopita ku Malawi. Anabwera kuno ali kamnyamata, sanabwererepo. Apempha mpando wa pa windo.

Pakhomo pa mai a Zuze ndadutsa katatu. Pakumveka fungo la nsomba youma yokazinga ndi tomato, momwe amaphikira iwo okha. Sindikulowa. Dzina lawo ndalemba ndekha, ndimalidziwa lonse, ndi la ubatizo lomwe.

Lachitatu

Ndimati maere athetsa kampeni. Kampeni yasamukira pakhomo panga!

Ndikudzuka, pa khonde pali mazira atatu ndi dzungu. Mayi wina ku mjigo akundinong'oneza kuti pepala la amuna ake ndilidule lalikulupo, akuti maso awo ndi ovuta, ngati kuti awerenga ndi iwo. A Mbewe abwera mwaulemu, chipewa chili m'manja. Akufuna dzina lawo lilowe katatu: monga folomani, monga mkulu wa mpingo, ndi monga munthu wamba wa pa komboni. Tsopano ndamvetsa chimene anavomerera msanga. Ndakana. Aseka, akuti mapepala akadule kalaliki, ali ndi sizasi yakuthwa. Apo ndalola.

Bambo a Rudo atembenuka mtima. Aona kuti chidebe chili m'nyumba mwawo. Akuti pepala lawo ndilipake timadzi ta shuga kuti likamatirire ku chala cha wotola. Munthu amene ndamuphikira sadza zaka zonsezi!

Mu shedi mai a Zuze andiyang'ana kamodzi. Kapena amayang'ana wotchi ya kumbuyo kwanga. Tsiku lonse ndikuyesa kukumbukira kuti maso awo anaima pati.

Lachinayi

Nkhani ya lero: apise dzanja ndani?
ine, ayi, ndine mkazi wa munthu wofuna mpando
mwana, ayi, mwana aliyense ali ndi bambo ake
abusa akana, akuti maere ndi njuga
mwini famu ali ku Harare kokagulitsa fodya

Tagwirizana pa dalaivala wa kombi ya ku Chinhoyi. Sadziwa aliyense kuno, ndipo amatida tonse mofanana chifukwa cha msewu wathu. Chidebe changa nachonso achikana, akuti mwina n'chokhwima. Tibwereka cha ku shedi.

Mneneri wa mpingo wa zovala zoyera wabwera kudzadalitsa mapepala. Wawaza madzi. Inki yonse yasungunuka. Ndikulembanso, dzanja likuwawa.

Choipitsitsa ndamva ku mjigo. Bambo a Zuze akuuza anthu kuti maerewa ndi chiwembu cha amuna anga chifukwa akuopa kugwanso. Ndiye kuti mai a Zuze akuganiza kuti zonsezi ndikuchitira kulanda mpando wa pakhomo pawo. Ine amene sindikufuna mpando wa aliyense.

Ndikukumbuka chaka china ine ndi mai a Zuze tinaphonya kombi yomaliza ku Chinhoyi, tinakwera pamwamba pa lole ya feteleza. Njira yonse ankandiphunzitsa nyimbo ya kwawo ku Tete, ine ndikulakwitsa mawu, iwo akuseka mpaka duku linauluka. Nyimboyo ndaiwala theka. Palibe wina woti n'kumufunsa.

Lachisanu

Mapepala adulidwa, kalaliki wawabweretsa atawapinda kale. Akuoneka ochuluka kuposa mayina anga, koma ndatopa.

Ndikugireda fodya, mutu uli ku Nyumba ya Malamulo. Tiyerekeze kuti dziko lonse lachita maere, dzina latuluka langa. Ndavala chitenje cha ku ukwati wa Rudo, ndaimirira, onse akhala chete. Ndikanawauza izi:
aliyense wobadwira pa famu apatsidwe chitupa popanda kumufunsa manda a agogo ake
munthu akakalamba asachotsedwe m'nyumba ya komboni
kombi izifika mpaka pa geti ngakhale nthawi ya mvula
kamodzi pa chaka kuzinyamuka basi yopita ku Dedza ndi ku Tete, tikaone kumene makolo athu anachokera

Ku Dedza sindinafikeko. Bambo ankati kuli phiri lalitali ndi mbatatesi zokoma popanda ndiwo. Mwina ankawonjeza. Ndikanakonda kukadzionera ndekha kuti ankawonjeza zochuluka bwanji.

A Mbewe andidzidzimutsa, akuti ndasakaniza masamba ofiira ndi achikasu. Phungu wabwerera ku tebulo.

Madzulo Sekuru Tomasi afika pakhomo ndi chikwama chomangidwa ndi lamba wa njinga. Ndakuwa m'khutu mwawo kuti kulibe basi, ndi maere a komiti. Agwedeza mutu. Akuti, “Mawa eti? Chabwino, mwanangu.”

Loweruka

Komboni yonse ili pansi pa mtengo wa pa geti. Bambo a Rudo avala jekete. Bambo a Zuze avala tayi. Kombi yafika mochedwa, dalaivala sanazimitse injini, okwera akukuwa kuti afulumire. Wapisa dzanja m'chidebe akuyang'ana kumsewu.

Pepala loyamba, wapampando: Sekuru Tomasi! Dzina lawo alimva bwinobwino. Anyamula chikwama, akwera kombi, akhala pa windo. Anthu akuseka. Ine kuseka kwakanika.

Pepala lachiwiri: John Banda. Aimirira atatu.

Lachitatu: munthu amene anasamukira ku Wedza chaka chatha. Mai ake anamulembetsa poganiza za feteleza.

Lachinayi: a Mbewe.

Lachisanu: a Mbewe.

Phokoso! Kalaliki sakuoneka. Dalaivala watsitsa Sekuru mofatsa, wawapatsira chikwama, wanyamuka fumbi lili kobo. Wina wakuwa kuti tivote ngati tikuwafuna maerewa kapena ayi. Owafuna afole kumbuyo kwanga, osawafuna afole ku mtengo.

Ndaima. Ndacheuka. Kumbuyo kwanga kuli Sekuru Tomasi okha, akuganiza kuti ndi mzere wa basi ina. Ku mtengo kuja amuna anga ndi bambo a Zuze aima phewa ndi phewa, koyamba m'zaka ziwiri.

Achita chisankho chakale chomwe chija. Onse awiri agwa. Wapambana mlamu wa a Mbewe, amene dzulo sanali kufuna n'komwe. Pano akumwa limodzi amuna awiriwo, akugwirizana kuti wawagwetsa ndine.

Mai a Zuze sanafole mzere uliwonse. Anakhala pa chitsa, akusenda mtedza.

Lamlungu

Mapepala ndakolezera moto wa tiyi. Ayaka bwino.

Ku tchalitchi abusa alalikira za njuga, maso ali kumbali yanga. Bambo a Rudo sanabwere, mutu ukuwawa. Podutsa ndazonda Sekuru Tomasi. Amasula chikwama, malaya abwerera pa chingwe. Akuti mpando unali wofewa, koma ulendo wafupika.

Mai a Zuze akhala mabenchi awiri kutsogolo kwanga. Ulaliki wonse ndikuyang'ana duku lawo, ndikuganiza chimene sanafolere dzulo:
mwendo wawo uja
mtedza unali wambiri
kapena sanafune kuima mbali yotsutsana nane kachiwiri

Sindikudziwa. Mwendo umawavutadi nthawi yozizira.

Potuluka mai a Zuze andidutsa pa khomo, osandiyang'ana, akuti, “Chidebe cha ku shedi chija mukabweze, anganene kuti mwaba.”

Basi. Mawu onse ndi amenewo. Pamene “zikomo” akutuluka pakamwa panga, iwo ali kale ku msewu.

Za aphungu ndazisiya. Dziko lizifola mizere yake, ine sindilikwanitsa, komboni imodzi yandikanika. Mawa ndikalowa mu shedi ndikapereka moni. Akapanda kuyankha, ndikagireda fodya wanga.